Mimba ya Esinati ndi Dzina Langa

Matero, ufulu utangobwera

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete sindilemba, chifukwa palibe chachikulu chimene ndinachita kumeneko kupatula kusokeretsa mbuzi za amalume. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Ndinafika mu Lusaka mbendera yatsopano itangokwezedwa, ndili ndi malaya awiri ndi sukulu yosakwana kulembera kalata. Ndinkagona pakhonde pa msuweni wanga ku Matero, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita wapansi ku mafakitale kukaima pageti pamodzi ndi anzanga ofuna pisiweki, ganyu wa tsiku limodzi. Kapitawo ankatuluka n'kumaloza ndi chala amene akuoneka amphamvu. Ine, ndi miyendo yanga yonga bango, ankandiloza ena onse akatha.

Mwayi unandipeza pa kampani ina yogulitsa matabwa, kumene anandilemba kuti ndizikweza ndi kutsitsa katundu pa lole. Dalaivala wake anali mkulu wina wokonda tulo, ndipo tulo taketo ndi timene tinandiphunzitsa kuyendetsa galimoto, poti tikatuluka m'tauni ankandisiyira chiwongolero iye n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha pa nyuzipepala zokulungira vitumbuwa. Nkhani zambiri ndinkazidziwa theka, chifukwa theka linalo linali litapita ndi wogula wina. Mpaka lero pali nkhondo zina za m'maiko akutali zimene sindidziwa kuti anapambana ndani. Laisensi ndinaipeza nditalephera kaye mochititsa manyazi, kenako ndinakwatira amai anu, ndipo pasanapite nthawi ndinamva kuti akufuna dalaivala wa ambulansi pa kiliniki ina ya ku Kanyama. Ndinapita nditabwereka jekete. Ananditenga, ndikuganiza, chifukwa cha jeketeyo.

Zimene zinandichitikira ku Kanyama ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe mutu uno. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munamvapo kumaliro kapena ku ukwati anthu akunong'onezana kuti atate anu anali ndi mwana kumeneko. Simunandifunse, ndipo ndikuthokoza ulemu wanu. Koma ndibwino mumve kwa ine.

Kanyama, zaka za mizere

Tinasamukira ku Kanyama chipani chili chimodzi ndipo zinthu zitayamba kusowa. Unali mzere wa unga, mzere wa mafuta ophikira amene tinkati saladi, mzere wa sopo. Munthu ukaona mzere unkangoimapo, za chimene akugulitsa unkafunsa uli kale pakati. Pa kiliniki napo zinali chimodzimodzi. Magolovesi ankachapidwa n'kuyanikidwa pa chingwe ngati matewera, ndipo petulo ankabwera mwa apo ndi apo. Ambulansi yanga inali yokalamba, yolira pokhapokha itakankhidwa, kotero ndinkaiimika pamtunda pang'ono, ngakhale kuti mtunda ku Kanyama umachita kufunafuna. Lamulo linali lakuti galimoto ndi yonyamula odwala kuchokera pa kiliniki kupita ku chipatala chachikulu basi. M'makomo sitinkapitamo.

Bwana wanga anali Sisita Chanda, mzamba wochokera ku migodi, mkazi wamfupi wa mawu aakulu. Ankandinena kuti ndimawerenga ngati nkhuku ikutola mapira, chifukwa ndinkatola kapepala kalikonse, ngakhale ka m'bokosi la mankhwala, n'kukhala nako pansi pa mtengo. Timabuku tonse ta uchembere timene tinkabwera pa kiliniki ndinatimaliza, mwakuti ndinayamba kudziona ngati dokotala wosowa jasi chabe. Sisita ankandiseka, koma sankandilanda.

Anali ndi kachitidwe kamodzi kamene kankakwiyitsa anthu ambiri. Masiku amenewo mkazi wapakati akabwera ku sikelo sankabwera yekha. Pambali pake pankakhala apongozi, kapena azakhali, kapena mwamuna, ndipo Sisita akafunsa kuti mukumva bwanji, woyankha ankakhala wa pambaliyo. Mwini thupi ankangoyang'ana pansi. Sisita ankawatulutsa onse operekeza, n'kutseka chitseko, n'kufunsanso. Ankati mimba ili pa munthu mmodzi koma eni ake amachuluka ngati okwera basi ya ku Matero. Amuna ena anakamuneneza kwa tcheyamani wa chipani kuti akuphunzitsa akazi mwano. Sisita anawayankha kuti tsiku limene mwamuna adzagone pa bedi lake lochirira adzamufunsanso yekha.

Mwa amai amene ankabwera ku sikelo chaka chimenecho munali mtsikana wina dzina lake Esinati, wamng'ono thupi, wochokera kwathu kummawa. Makolo ake anali kumudzi, ndipo m'tauni muno analibe wake aliyense kupatula mwamuna wake Jakisoni, amene ankayenda ndi malole a katundu mpaka ku migodi. Ine ndinkangomudziwa nkhope, monga ndinkadziwira amai ena onse odutsa pafupi ndi mtengo wanga. Zambiri ndinazimva pambuyo pake. Sisita anali atamupima n'kupeza kuti mwana wagona chopingasa ndipo njira ndi yaing'ono, n'kumuuza kuti matenda akangoyamba asachedwe pakhomo, akachirire ku chipatala chachikulu kumene angathe kumuchita opareshoni. Esinati anavomera, ndipo anali atakonza kale kathumba ka zitenje n'kukasungitsa kwa mnansi wake. Koma mwezi wake utayandikira, amake Jakisoni anafika kuchokera kumudzi kudzadikira mdzukulu. Atamva za chipatala anati m'banja mwawo mkazi sang'ambidwa ndi mpeni, ndipo iwo anabereka ana onse pa mphasa.

Kanyama, dzinja la chaka chomwecho

Linali tsiku la mvula, chakumasana. Amene mukuidziwa Kanyama mukudziwa kuti pansi pake ndi mwala, madzi alibe kolowera, ndipo dzinja likafika komboni yonse imasanduka dambo, zimbudzi n'kusefukira m'njira. Ndinali m'galimoto ndikuwerenga pamene ndinaona mai wina akubwera akuthamanga, nsapato zili m'manja. Anali bana Mwila, mnansi wa Esinati uja, Mbemba wogulitsa makala. Anauza Sisita kuti mtsikanayo anayamba kudwala dzulo lake m'mawa, mwana sakutuluka, ndipo apongozi ake aitana mlangizi wina, atseka chitseko, akumuumiriza kuti atchule.

Inu ana a masiku ano mwina simudziwa kutchula kumeneku. Anthu ankakhulupirira kuti mwana akakanirira m'mimba ndiye kuti pali chigololo chimene chamumanga. M'komboni ankati nchila. Mankhwala ake anali akuti mkazi aulule maina a amuna onse amene anayenda nawo, kenako amwe mizu, njira n'kutseguka. Mwambo unkanena kuti mwamuna nayenso akhoza kumanga mkazi wake akamayendayenda, koma mwamuna sakhala m'chipinda chimenecho kuti afunsidwe. Bana Mwila ananena mosabisa kuti munthu wogona m'misewu ya ku migodi palibe amene akumufunsa, akufunsa mwana amene sadziwa ngakhale njira ya ku tauni.

Sisita anali yekha tsiku limenelo, mnzake atadwala malungo, ndipo m'chipinda munali amai awiri amene nthawi yawo inali itakwana. Sakanatha kuchoka. Petulo amene anatsala anali wa ulendo umodzi. Anaima pakhomo kanthawi, manja ali m'mwamba kuti asakhudze kanthu, n'kundiuza kuti ndipite, za lamulo adzayankha yekha. Anandilangiza kuti ndisalowe m'nyumba, ndisakoke munthu, ndipo ndisakambirane ndi operekeza. "Mukamufunse mwine wake," anatero. "Akakana, mubwerere. Akavomera, mumutenge, musapite na kuno, muyende chabe ku chipatala."

Galimoto inatifikitsa pamene msewu unathera m'madzi, kwinako tinayenda wapansi, matope m'mawondo. Nyumba inali ya chipinda chimodzi, ya njerwa zosawotcha, malata atapanikizidwa ndi miyala. Panja panali patasonkhana amai a m'nyumba zoyandikana, ena a iwo a mpingo wathu, opemphera ndi amai anu Lachinayi lililonse. Mwamuna sayandikira pamene mkazi akuchira, choncho nditaima pakhomo onse anandiyang'ana ngati ndalowa m'tchalitchi ndi njinga. Ndinagogoda. Amake Jakisoni anatsegula pang'ono, nkhalamba yowongoka bwino, maso ofiira ndi kusagona. Ndisawanamizire, nawonso ankafuna mdzukulu wawo wamoyo. Iwo ankaona kuti akulimbana ndi mtsikana wouma mutu amene akupha mwana chifukwa cha manyazi.

Ndinakweza mawu kuti amve wa m'katiyo. Ndinati ndine dalaivala wa ku kiliniki, Sisita wandituma kuti ndifunse Esinati mwini wake ngati akufuna kupita ku chipatala. Kenako ndinamva mawu aang'ono, osasa ngati a munthu amene wakuwa usiku wonse.

"Nifuna."

Apongozi anati mwanayo sakudziwa chimene akunena. Anati wotulutsa mkazi m'nyumba muno ndi mwini mimba yekha, ndipo mwini mimba ali ku migodi. Angotchula basi, mwana atuluka nthawi yomweyo, mizu ili kale pa moto. Apa ndi pamene udokotala wanga wa pansi pa mtengo unandikwera m'mutu. Ndinaiwala malangizo a Sisita, n'kuyamba kuwafotokozera za mafupa a m'chiuno ndi kagonedwe ka mwana, ndikujambula m'malere ndi manja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundifunsa kuti ine ndinaberekapo chiyani, ngakhale khoswe. Amai ena anaseka. Ndinapempha, ndinagwada m'matope, ndinatchula dzina la Mulungu. Chitseko sichinasunthe. Bana Mwila anayesa kudzipanikiza kuti alowe, mlangizi uja anamukankhira kunja. Kuthyola chitseko sindikanatha, poti ndikanamangidwa ine, ndipo Sisita akanachotsedwa ntchito. Kukaitana tcheyamani kunali kutaya nthawi, chifukwa iye ndi Sisita sankamwerana madzi. Ndinauza bana Mwila motsitsa mawu kuti ndibwerere ndikamuuze Sisita, mwina iye akabwera ndi yunifolomu adzamuopa. Tonse tinkadziwa kuti petulo wobwereranso kunalibe.

Ndikuganiza kuti Esinati anamva mapazi anga akuchoka. Mawu ake anatuluka amphamvu kuposa poyamba.

"Nizatchula."

Apongozi anasiya chitseko chotsegula n'kubwerera m'kati, ndipo ndinamva akumulimbikitsa mokoma kuti anene, mwana wanga, nena upepukidwe.

"Ni bamene abo bali pakhomo. Ba dalaivala. Mimba ni yawo. Banitenge."

Ana anga, ndawerenga zinthu zambiri zosamveka pa moyo wanga, koma izi ndinazimva msanga. Mtsikanayo anali atamvetsera bwino lamulo la apongozi ake, lakuti womutulutsa ndi mwini mimba yekha, ndipo anadzipezera mwini mimba amene anali pafupi. Amake Jakisoni anatuluka, n'kuima pamaso panga, n'kundifunsa kuti kodi n'zoona. Pakamwa panga panali liwu limodzi, lakuti ayi, ndipo linali loona. Ndinaona nkhope za amai a mpingo aja. Ndinaganiza za amai anu, amene nthawi imeneyo anali ndi iwe Tisa kumsana. Ndinaganiza za ntchito. Koma ndinadziwanso chimene ayi wangayo akanachita. Akanati mtsikanayo ndi wabodza, akubisa dzina lenileni, akanatseka chitseko n'kuyambiranso, mwina ndi makofi, mpaka mawu aja atazimiririka. Esinati anali atataya ukwati wake ndi ulemu wake wonse kuti atuluke pa chitseko chimenecho. Kwa ine ankangopempha kuti nditseke pakamwa.

Ndinayang'ana nsapato zanga. Sindinanene kanthu.

Nkhalamba ija inandilavulira pa malaya. Inalowa m'nyumba n'kuyamba kuponyera kunja zitenje ndi mbale za Esinati, ikulira, ikunena kuti nditenge hule wanga asafere m'nyumba ya mwana wake. Bana Mwila sanadikire kuti anenenso kachiwiri. Analowa, n'kutuluka ndi Esinati atamukoleka pa phewa. Nkhope ya mtsikanayo inali yotuwa ngati phulusa, milomo itang'ambika. Mwa amai onse amene anali pabwalo, mmodzi yekha ndi amene anathamanga kukabwereka wilibala kwa munthu wina woswa miyala. Tinayalamo zitenje zomwe zinaponyedwa zija, n'kumukhazikamo, ine n'kukankha m'madzi mpaka pa galimoto. Anyamata a pamsika anatikankhira ambulansi kuti ilire, osadziwa kuti akukankha nkhani imene adzaikambe mwezi wonse.

Tili m'njira, atagona kumbuyo mutu uli pa miyendo ya bana Mwila, anandiitana. Anafunsa kuti dzina langa ndani. Mkazi amene mimba yake inali itangokhala yanga sankadziwa n'komwe kuti ndine Mwanza. Nditamuuza anati: "Munikhululukire, ba Mwanza. Pa bantu bonse, imwe chabe ndimwe munali na motoka."

Ku chipatala anamuthamangitsira m'kati. Anafunsa za mwamuna woti avomereze opareshoni, ine ndinati ndine dalaivala chabe, ndipo bana Mwila anandiuza kuti Esinati anatambasula dzanja n'kudinda yekha chala. Ndinadikira pa benchi. Dzuwa litapendeka namwino anatuluka n'kundiuza kuti mai apulumuka, koma mwana anali atafa kale m'mimba, ndipo chiberekero chinali chitang'ambika moti achichotsa. Anati tikanachedwa pang'ono tikananyamula mitembo iwiri. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi ngati mwanayo anali akadali moyo pamene ine ndinkajambula mafupa m'malere. Palibe amene angandiyankhe.

Masabata otsatira

Nditamufotokozera Sisita, anati anandituma kukafunsa, sananditume kukakwatira. Anayesa kuseka, koma anakhala pansi pa benchi ya odwala n'kuvula kachipewa kake, chinthu chimene ndinali ndisanamuonepo akuchita pa ntchito.

Kunyumba nkhani inafika ine ndisanafike. Ndinapeza amai anu atakhala pa mpando, moto usanakolezedwe. Ndinawauza zonse monga ndakuuzirani inu. Anandifunsa funso limodzi, kuti nanga bwanji sindinakane. Ndinayankha mmene ndikanathera. Sananene kuti andikhulupirira, sananenenso kuti sakundikhulupirira. Masiku angapo ankandiikira chakudya osandiyang'ana, ndipo ku mpopi ankapita anthu ena atachoka. Musaganize kuti zinali zopepuka kwa iwo. Ine ndinasankha kukhala chete, koma iwo sanafunsidwe, ndipo manyazi anagwera pa iwo kuposa pa ine.

Kenako bana Mwila anabwera kudzanena kuti mtembo wa khanda uli ku chipatala, palibe woutenga. A kwa Jakisoni anati si magazi awo. Esinati anali asanatsitsimuke bwino. Mukudziwa kuti mwana wobadwa wakufa timati mtayo, saikidwa ngati maliro ena. Amakaika amai okhaokha, popanda nyimbo, popanda bokosi, ndipo make saloledwa kulira kapena kufunsa, akuti angatseke mimba zina. Amai anu anamvetsera, n'kulowa m'chipinda, n'kutuluka ndi chitenje chawo chatsopano chimene ankasungira Khirisimasi. Anati popeza komboni yonse ikuti ndi mwana wa amuna anga, ndiye kuti woika ndine. Anapita awiriwiri ndi bana Mwila, atabwereka khasu. Atabwerako madzulo anasamba, n'kundiuza kuti ndisendeze mpando ndidye nawo mbale imodzi.

Jakisoni atabwera ku migodi nkhani inapita kwa tcheyamani. Kumeneko ndinanena zoona zonse, poti Esinati anali atatuluka kale m'nyumba ija. Ena anakhulupirira, ena anati mwamuna aliyense amakana. Ku mpingo anandiimitsa kuwerenga mawu pa Sabata, ndipo ndisabise, chimenechi chinandipweteka kuposa malovu aja, chifukwa ndinkanyadira kwambiri kuima kutsogolo ndi kutchula bwino maina ovuta a mafumu akale. Jakisoni mwini wake anandipeza tsiku lina pansi pa mtengo wanga. Ndinkayembekezera chibakera, koma anangokhala pa mwala, mnyamata wofatsa, wa manja okhakhala. Anandifunsa ngati mwanayo anali wanga. Ndinati ayi. Anati ndiye kuti anali wake, n'kuyamba kulira. Koma amake anali atamuuza kuti ngati si dalaivala ndiye kuti alipo wina amene mkaziyo akubisabe, ndipo n'chifukwa chake mwana anafa. Anapita ku chipatala kukauza Esinati kuti ali wokonzeka kumutenganso, angotchula dzina lenilenilo kuti asambitsidwe ndi mankhwala. Bana Mwila, amene analipo, anati Esinati anamuyang'ana nthawi yaitali n'kumuuza kuti ananama kamodzi kuti akhale moyo, sadzanamanso kuti akhale pa ukwati. Jakisoni anatuluka, ndipo chaka chisanathe anakwatira wina.

Anyamata ena atayamba kugenda ambulansi ikamadutsa, Sisita anapempha akuluakulu kuti andisamutsire ku Chawama. Iye anatsala ku Kanyama, akutulutsabe operekeza kunja, mpaka anapuma ntchito.

Chawama, mvula itatha

Tinali titakhala miyezi ingapo m'nyumba yatsopano pamene Loweruka lina masana ndinaona mkazi ataima pa mpanda wathu wa maluwa, atanyamula kathumba ka makala pamutu. Anali Esinati, ataonda kwambiri, akuyenda mopendekera mbali imodzi. Ankakhala kwa bana Mwila, akuthandiza kugulitsa makala, ndipo anati kumudzi sabwerera chifukwa kumeneko akamupezera mwamuna wina amene adzayembekezere ana. Anandipatsa moni mwaulemu, koma anati sanabwerere ine, wabwerera amai.

Amai anu atamulowetsa m'nyumba, ndinatulutsa mpando wanga panja n'kutenga nyuzipepala, koma nyumba za ku Chawama zilibe chinsinsi, ndipo tsamba limenelo sindinaliwerenge. Ndinamva akugwada. Ndinamva amai anu akumuuza kuti adzuke asang'ambule bala. Esinati anapepesa chifukwa cha dzina la amuna awo limene analitola popanda kupempha. Amai anu sanamuuze kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo. Anamuuza kuti anavutika, kuti mpaka pano pali amai ena amene sawapatsa moni, ndipo kuti usiku wina ankamutukwana mumtima. Kenako anati akanakhala iwo m'chipinda chimenecho, sakudziwa ngati nzeru imeneyo ikanawabwerera, ndipo anamuthirira tiyi.

Patapita kanthawi Esinati anatsitsa mawu. Anati ku chipatala anadzuka mimba ili yopanda kanthu, ndipo aliyense amene ankamufunsa ankangomuuza kuti aiwale. Ngakhale bana Mwila, amene anamuchitira zonse, pa ichi chokha ankaopa mwambo. Anati iye alibe mimba ina yoti itsekeke, ndiye sakuona chimene akumutetezera. Anamva kuti amai anu ndi amene anakaika.

"Nifuna chabe kuziba. Anali mwana bwanji?"

Amai anu anakulira m'mwambo womwewo, ndipo ndikudziwa kuti ankalimbana nawo.

"Anali mkazi," anatero. "Wa tsitsi lambiri. Zala zitalizitali ngati zanu. Tinamufunditsa bwino, sanagone pa dothi."

Pamenepo Esinati analira, kulira kumene anamuletsa miyezi yonse ija, ndipo amai anu sanamutonthoze kuti aleke. Anthu odutsa mumsewu ankatembenuka, ine n'kumawagwedezera mutu kuti apitirire. Atatha, amai anu anamuuza kuti anaika mwala woyera pamalopo, ndipo ngati akufuna apite naye. Anavala nsapato nthawi yomweyo. Ndinadzipereka kuti ndiwaperekeze, koma anandiuza kuti kumeneko si kwa amuna, ndikhale ndi ana.

Akutuluka pa mpanda, Esinati anaima pafupi ndi mpando wanga. Maso anali otupa koma nkhope inali itamasuka. Anati mwanayo anali atamupatsa kale dzina ali m'mimba, limodzi la mwamuna, limodzi la mkazi, ndipo lero wadziwa loti amuitanire akafika. Ndinadikira kuti alinene. Sanalinene, ndipo ine sindinafunse. Anali atafunsidwa maina mokwanira.